Bureki Inali Kumanzere

Mpaka lero ndikamva njinga yamoto ikulira, ndimayang'ana kothawira. Zinayamba ndi pakamwa pangapa.

Munali mu 2014 pamene bwenzi langa Tadala ananditengera ku Newcastle kukandionetsa kwa azakhali ake, a Nachisale. Kunja kuno iwowa ndiwo amalume, ndiwo ankhoswe, ndiwonso khoti. Akati ayi, ukwati wathera pompo. Ine mantha anandigwira ndikadali m'sitima.

Amuna awo, a Derek, mzungu waimvi, anandilowetsa m'galaja n'kuvundukula njinga yamoto yofiira. Akuti inapangidwa ku Italy ine ndisanabadwe, yochitira mpikisano m'matope. Nyali inalibe, hutala inalibe, matayala ake mano okhaokha. Ali mnyamata ankauluka nayo m'mapiri mpaka inawathyola phewa, koma ankaisisitabe ngati mwana.

Pofuna kukoma ndinati zoterezi ndimazidziwa (ndipo sindinaname, ndili mlangizi wa zaulimi ku Dowa ndinkayendera njinga yamoto).

"Ndiye aiyese," anatero azakhali, manja ali m'chiuno. "Timuone mwamunayo."

A Derek anandifotokozera zinazake akuloza mapazi anga. Chizungu cha ku Newcastle si chija tinaphunzira kusukulu, inu. Sindinatolepo kanthu, ndinangoti, "Yes, yes."

Kuseri kwa nyumba kunali kanjira kafumbi. Nditangopotokola pang'ono, chinthucho chinakuwa n'kudumpha ngati mbuzi yolumidwa ndi mavu. Ndinaponda bureki ndi phazi lamanja, liwiro linawonjezeka! Ndinapondanso, ndiye kunyanya. Osadziwa kuti pa njinga zakale za ku Italy giya ili kumanja, bureki kumanzere (zija a Derek ankaloza). Bureki ya kudzanja ndinaiiwaliratu. Ndinakuwa mayo, ndikuona kale bokosi langa likutsika pa bwalo la ndege.

Ndinakathera m'kanyumba ka pulasitiki m'mene azakhali ankalereramo nkhwani, mbewu yake yochita kuchokera ku Ntcheu. Nkhwani wonse unangoti phwata.

A Derek anathamangira njinga. Tadala ankalira. Azakhali anafika pang'onopang'ono, nayang'ana nkhwani, nayang'ana ine.

"Mwapweteka, bambo?"

"Ayi, azakhali."

"Mupweteka."

Ukwati analola, inde, koma Loweruka lililonse la chilimwe ndimakwera sitima kukawalimira dimba. A Derek amabwera pampanda kudzandichezetsa, ndipo dzana anandifunsa kenakake akumwetulira, dzanja likuloza kugalaja.

Ndinazindikira nditayankha kale kuti, "Yes, yes."