Sipanala Imene Inaimitsa Phiko la Ndege

Lolemba

Mwayi wandipeza! Pa msonkhano wa m'mawa abwana akuti fakitale yathu ya mapiko a ndege kuno ku Jebel Ali, kudziko la Aluya, iyamba khalidwe latsopano: aliyense, ngakhale ife osesa, azibweretsa ganizo lokonzera ntchito. Wopambana sabata ino apita kukaphunzira kukhoma mapiko. Tsache ndatopa nalo ine, malowo ndikuwafuna.

Ganizo langa: bolodi loyera pakhoma, chida chilichonse chijambulidwe pamalo pake. Chikachoka, chithunzi chitsale chikuulula. Abwana akuti, "Habibi, mnzanga, mutu uwu unali kuti?" Unali pansi bwana, kuyang'ana zinyalala.

Lachiwiri

Utoto m'manja, utoto pamphuno. Ndikujambula zida zonse zimene a kusitolo ya zida akuti tili nazo: nyundo, mapulayala, masipanala. Kukoleka chilichonse pa chithunzi chake. Kukongola kwake!

Chithunzi chimodzi chokha chatsala chopanda mwini: kasipanala ka nambala teni. Ndikuseka ndekha. Mbava iwe, bolodi langa lakugwira tsiku loyamba lomwe!

Lachitatu

Abale, fakitale yonse yaima! Kani lamulo la ndege ndi lotero: chida chikasowa, mwina chatsekeredwa m'kati mwa phiko, ndipo ndege singauluke sipanala ikugubuduka m'mimba. Tonse pamzere, phewa ndi phewa, maso pansi ngati nkhuku. Tatola mawashala, batani la malaya, chingamu, ndolo ya munthu. Sipanala ayi. Atsegula phiko limene linatha kale kukhomedwa, okhoma akundiyang'ana ngati ndawadyera ndiwo. Ine ndiye wotukwana mbava mokweza kuposa onse.

Madzulo kukampu komwe timakhala antchito ndagona chagada, maso pa bedi ya pamwamba, pogona Tembo, mnzanga wa ku Chipata. Pakona pakunyezimira kanthu.

Mayo ine!

Ndi iyo. Bawuti ya bedi itasowa miyezi yapitayo, ndinabwereka kasipanala kuntchito, ndikukalowetsa pa bowo kuti Tembo asandigwere. Kubwereka chabe, monga timachitira kwathu. Ndinaiwaliratu. Mbava ija ndine.

Lachinayi

Ndasolola sipanala Tembo ali kubafa, pa bowo ndaikapo supuni. Sipanala m'sokosi. M'basi ndakhala ngati ndikupita kumaliro.

Pageti kamakina ka alonda kakulira pa mwendo wanga. Mlonda ndi a Mbewe, a kwathu ku Dedza. "Achimwene, mwendo ukuimba bwanji?" Ndikuti ndi chitsulo cha kuchipatala, kabaza inandigunda ku Lilongwe. Andipepesa mpaka kundigwira phewa. Manyazi!

Sipanala ndaikoleka pa chithunzi chake anthu ali ku tiyi. Khalas, yatha, ndikupuma. Koma abwana ataiona nkhope gwa. Akuti chida chobwera chokha n'choopsa kuposa chosowa, chifukwa sitikudziwa kumene chinagona. Mawa kafukufuku.

Lachisanu

Kukomiti kuli abwana, a kusitolo, ine mwini bolodi, ndi Tembo woimira okhoma. Abwana akuti pano sitisaka wolakwa, tisaka gwero, ndipo njira yake ndi kufunsa "chifukwa chiyani" kasanu. Tembo akutembenuza sipanala, akukanda utoto wobiriwira umene wamatirira pa chogwirira. "Iwe, penti iyi ni ya bedi yathu, si ndiye?"

Abwana ayamba: chifukwa chiyani ili ndi utoto wa bedi? Ndikuyang'ana kudenga. Chifukwa chiyani inali pa bedi? Thukuta. Pa funso lachitatu ndaulula zonse, za mwendo zomwe.

Ndikudikira kundichotsa ntchito ndi tikiti ya ku Chileka. M'malo mwake akuwomba m'manja! Akuti kunena zoona ndiye khalidwe limene akufuna. Ntchito sindichotsedwa. Koma malo a maphunziro apita kwa amene wapeza gwero. Tembo! Munthu wodziwa kale kukhoma, akuti akawonjezere luso. Ine andijambula nditanyamula sipanala, chithunzi chili pakhomo la kantini, antchito atsopano aziphunzirirapo.

A Mbewe sakundiyankha moni.

Loweruka

Masana ndikupumula, Tembo pamwamba akuimbira mkazi wake foni za maphunziro, akugwedezeka ndi chimwemwe.

Supuni si sipanala.

Phokoso lake mpaka a chipinda chinacho athamangira kudzaona. Tembo, matiresi, chitsulo, zonse pa ine. Foni sinaduke n'komwe, mlamu akufunsa, "Ni ndege yagwa?" Khosi silikutembenuka.

Lamulungu

Bedi aitulutsa. Matiresi anga ali pasimenti, pakati pa nsapato za anthu. Kutchalitchi sindinapite, khosi. Mawa tsache langa likundidikira, nalonso ndinalijambulira malo ake pa bolodi, ndi dzanja langa lomwe.

Ndadzuka masana ndapeza Tembo wandizunguliza choko pansi, mutu, mapewa, miyendo, bwinobwino. "Kuti ukasowa tizibe msanga, mwana."

Sindinafufute. Ndagonanso pamalo panga.