Kamzere Kobiriwira

Lolemba
Pulogalamu yanga yokopera zithunzi kuchokera pa khadi la kamera ndaiika pa situdiyo ya a Chimbalanga ku Limbe. Ikugwira, koma ikamakopera, sikirini ikungoti zii ngati yafa. A Esinati a pakauntala akaona choncho akumazula pulagi kukhoma. "Ikauma timatero," akutero osaphethira n'komwe. Mutu wanga waima. Loweruka ndi ukwati wa mlamu wanga Tadala, ndipo amene ndinauza apongozi kuti ajambulitse kuno ndine.

Lachiwiri
Mankhwala ake ndawapeza. Kukopera kuzichitikira kuseri, pa sikirini pakhale kamzere kobiriwira kosonyeza pamene ntchito yafika. A Esinati aziona kuti chinthu chili moyo. Ntchito ya ola limodzi iyi.

Lachitatu
Ola lija silinathebe. Ntchito yakuseri ikangoti ikhudze kamzereko, pulogalamu yonse ikutsekeka. Osatsanzika n'komwe.

Lachinayi
Kayenda! Koma mayendedwe ake:
- kafika pa 340 peresenti
- kabwerera chambuyo
- kaima pa 99, mpaka minibasi ya ku Chinyonga yadzaza panjapa n'kunyamuka
Ndikucheuka, dzanja la a Esinati lili kale pa pulagi.

Lachisanu
Ndatopa nako. Kamzere kasamafunsenso za kuseri, kazingoyenda pakokha motsatira wotchi, kakafika kumapeto kazilemba kuti "Zatheka". Tayesa ndi tizithunzi tochepa, zayenda bwinobwino. "Achimwene, muli ndi mutu," akutero a Chimbalanga. Zenizeni ndikonza ukwati ukatha.

Loweruka
Khadi ladzaza kutchalitchi. Wojambula wathamangira ku situdiyo kukatsitsa zithunzi asanapite ku holo. Kamzere kati "Zatheka". A Esinati, kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo, akhulupirira kompyuta. Azula khadi, alibwezera m'kamera, alifufuta, za ku holo n'kulowa pamwamba pake. Kuseri ntchito inali itangoyamba kumene.
Zapulumuka:
- galimoto ya maluwa
- nsapato za mkwati
- ine ndikuyasamula pakhomo la tchalitchi
Malumbiro palibe. Mphete palibe. Mayo ine!

Lamulungu
Kutchalitchi sindipita, abale onse ali komweko. Mkazi wanga ndamuuza, chiuzireni akungondiyang'ana. Masana apongozi atumiza uthenga: "Bambo, zithunzi zija zafika pati?" Ndakhala nayo foni m'manja mpaka tiyi wazizira. Ndayankha kuti zili pa 99 peresenti.