Mapurosesa Awiri ndi Chitenje Chimodzi

Lolemba
Mayeso oyeserera a Fomu 4 ayamba Lolemba likubwerali, ndipo wotaipa mapepala onse ndine. Sukulu yalandira makompyuta awiri a mphatso. Ahedi, Mayi Banda, akuti tisankhe imodzi, inayo ipite kusukulu ya ku Mavwere. Ndalemba papepala:

Yaikulu: amaitcha seva, mapurosesa (ubongo wa kompyuta) awiri, poinyamula anthu atatu.
Yaing'ono: purosesa imodzi yotchipa, ukaiyatsa uyambe wakamwa tiyi.

Pali chofunsanso apa? Ndawauza ahedi pamaso pa aphunzitsi onse kuti za makina andisiyire ine. Kakompyuta kotchipako kapita ku Mavwere pa njinga.

Lachiwiri
Ndaiyatsa. Phokoso ngati chigayo cha pa Kamwendo! Aphunzitsi asamukira pansi pa mtengo ndi makope awo. Nsanje basi. Koma kuthamanga kwake, ukangodina chatseguka kale. Vuto n'lakuti ine ndimataipa ndi zala ziwiri, ndiye mapurosesa onse awiri akungondidikira.

Lachitatu
Masamu ndamaliza. Muofesi mwatentha, malaya anyoweratu. Mayi Phiri, akalaliki athu, akuyang'ana seva mwachisoni. "Chinthu chodula chonchi chizikhala pambalambanda, fumbi lonseli?" Iwo chilichonse amachifunditsa nsalu: taipilaita, wailesi, ngakhale belu. Ndangoseka.

Lachinayi
Mapepala asanu alowa, atsala awiri. Ndapita kukaphunzitsa Fomu 2, ndaisiya ikulira. Pobwera ndapeza zii. Yafunditsidwa chitenje chatsopano mpaka pansi, m'mbali mwapisidwa bwinobwino, pamwamba pali kambiya ka maluwa. Fungo la waya wopsa!

"Ndaona kuti yagona, ndiye sindinaidzutse," akutero Mayi Phiri.

Sindinasindikize ngakhale tsamba limodzi.

Lachisanu
A Zulu okonza makompyuta abwera kuchokera ku boma. Atsegula, anunkhiza, atseka. "Izi zimakhala m'chipinda chozizira, aphunzitsi, osati pansi pa malata mu Okutobala." Zipangizo zake kuno kulibe, mwina ku Lilongwe, mwinanso ayi. Nanga za kotchipa kaja? Akuti zili mbwee m'chikwama mwawomo.

Ahedi sanakalipe. Angofunsa kuti, "Paja munati tikusiyireni inu?" Bola akanakalipa.

Loweruka
Ndapalasa njinga mpaka ku Mavwere kukapempha kotchipa kaja. Ndakapeza kali phee pa tebulo, kakutaipa mayeso awo pang'onopang'ono, pamwamba pake atakafunditsanso kansalu koluka. Sikakudandaula n'komwe! Mphunzitsi wa kumeneko wandipatsa madzi akumwa. "Pepani, ifenso mayeso ndi Lolemba lomweli." Ndabwerera manyazi ali tho.

Lamulungu
Kuchoka kutchalitchi, molunjika kusukulu. Choko mabokosi awiri, mabolodi anayi, mafunso onse pamanja. Ana mawa akopera pabolodi monga tinkachitira ife. Mkono ukuwawa, ndipo ndine wamfupi, pamwamba pa bolodi sindifikapo.

Ndakokera seva m'kalasi, ndakwerapo. Kunena zoona, ndi yolimba. Kotchipa kaja kakanaphwanyika.