Sitata ya a Kankhani

A Kankhani sankakalipa, sankatukwana, ndipo kupolisi sanapiteko kukasumira munthu. Ukawalakwira ankangokuyang'ana bwinobwino, kenako tsiku lina dzuwa likuswa mtengo umapezeka ukukankha galimoto yawo. Dzinalo linachokera pomwepo.

Galimotoyo inali yofiira, ya mipando iwiri, ya mtundu uja ankapangira mipikisano kalekale, yotsika moti mimba yake inkakhula pansi. Kwawo kunali pachitunda, choncho anthu ankati m'mawa imalira poitsetseretsa. Koma ikangoima m'tauni, kiyi inkasanduka chokongoletsa. Mkuluyo ankapotokola, kuli zii, n'kutulutsa mutu pawindo kufunafuna amene ali naye chifukwa. Wometa tsitsi, amene anawacheka khutu n'kuseka, anaikankha kuchokera pashopu yake mpaka pamlatho. Mphunzitsi wamkulu, amene anawatcha agogo pamsonkhano, anaikankha pokwera mtunda atavala tayi, mkuluyo akuponda buleki pang'onopang'ono kuti phunziro lilowe. Kukana kunalibe, chifukwa ankaiimika pakhomo pako penipeni ndipo inkakhala pomwepo mpaka utavula jekete.

Amene anaona zakuda kwenikweni anali mkamwini wawo, makaniko wa zamagetsi a galimoto. Tsiku loyamba kufika pakhomopo pakamwa panamuterera, anati galimoto yotere ikanakhala bwino kugonamo nkhuku. A Kankhani anamwetulira. Anamupatsa mwana wawo, kenako anamupatsanso sitata ya galimotoyo kuti aikonze.

Loweruka lililonse mkamwini ankagona chagada pansi pa galimotoyo. Anayesa batire, inali yodzaza. Anapala mitu ya batire mpaka kunyezimira. Anagogoda sitata ndi hamala apongozi akupotokola kiyi, koma sipanamveke ngakhale ka "tcha" kaja kamene kamamveka moto ukafika pasitata. Anaimasula n'kuilumikiza yokha ku batire pabenchi, ndipo inazungulira mpaka kufuna kudumphira pansi. Ataibwezera, zii. Mafyuzi onse anali bwino. Ankadziwa ndithu kuti moto ukusowa pakati pa kiyi ndi sitata, koma akangoti atsate waya wina wolowa pansi pa mpando wa dalaivala, ankapeza mkuluyo atakhazikika pomwepo, manja atapinda.

"Bambo, tadzukani pang'ono ndione kunsiku."

"Msana, mwana wanga. Makaniko weniweni sadzutsa nkhalamba."

Pofika Lolemba tauni yonse inkakhala itamva kuti mkamwini walepheranso. Anthu anayamba kupita ndi galimoto zawo kwina, nanga ndani angapereke lole yake kwa munthu wolephera sitata ya apongozi ake? Wometa uja ndiye ankati akangomuona, n'kumufunsa mokweza ngati wabwera kudzakonza kapena kudzakankha. Mkamwini analumbira mumtima kuti tsiku lina adzailiza ndi kiyi pamaso pa onse, mkuluyo ali pomwepo, dzina lake liyere ndipo manyazi awagwire apongoziwo ngakhale kamodzi kokha.

Koma mkuluyo anamuzemba. Anamwalira ali mtulo, osadwala n'komwe, nkhope ili ngati ya munthu wopambana mlandu.

Maliro atatha, mkamwini analowa m'galaja n'kuzula mpando uja ndi mkwiyo wa zaka zambiri. Pansi pake panali kaswichi ka nyale ya m'nyumba, komangidwa mwaluso pamalo oti chala chikafike munthu ali chikhalire, pamwamba pake patasalala ndi kudinidwa. Anabwezera mpando, anakadina, anapotokola kiyi, ndipo injini inabangula nthawi yomweyo. Anatembenuka msanga kuti awaonetse a Kankhani. Pakhomo panali apongozi aakazi okha, akupukuta manja pansalu.

"Mayi, munkadziwa?"

"Ndinkadziwa. Koma inenso ndinaikankhapo titangokwatirana, ndiye sindinafune kubwereza."

Mkamwini anakhala m'galimotomo nthawi yaitali injini ikulira. Mkwiyo unalipo wonse, koma woti aulandire panalibe, ndipo zimenezi zinamupweteka kuposa zaka zonse zija zogona pasimenti. Anawasowa mkulu uja, ndipo anapsanso mtima kuti akuwasowa.

Tauni nayo inali itazizira. Anthu ankalakwirana mosaopa, ana analibe chothamangira kukaonera, ndipo wometa anayamba kunenepa. Panalibenso amene ankacheuka akamva galimoto ikuima kumbuyo kwake.

Loweruka lina mkamwini anavala malaya oyera, anatsika nayo galimoto mpaka pashopu ya wometa, n'kuzimitsa pakhomo penipeni. Anthu anasonkhana. Chinangotsala n'kupotokola kiyi kamodzi, injini ilire, malole onse aja abwerere kwa iye.

Wometa anatuluka ndi sizasi m'manja, mimba patsogolo.

"A makaniko, mwabwera kudzakonza kapena kudzakankha?"

Mkamwini anamuyang'ana bwinobwino. Dzanja lake linatsikira lokha pansi pa mpando, chala n'kupeza posalala paja n'kuthimitsa kaswichi kaja. Anapotokola kiyi, kuli zii. Kenako anatulutsa mutu pawindo.

"Achimwene, siyani kaye sizasiyo. Mpaka pamlatho."