Mabushi Osadya Girizi

Lolemba

Mabushi afika! Ndawatenga ku tauni, olowa pamene pulawo imalumikizana ndi thirakitala ya kalabu yathu ya alimi. Ali ndi mafuta akeake m'kati mwa chitsulo. Pini ikamazungulira amadzipaka okha. Girizi safuna, ndipo ukawapaka amangokoka fumbi n'kuyamba kudzipera.

Lamulungu tikatuluka ku Misa kalabu isankha ngati makiyi a thirakitala akhalebe kwa ine monga woyang'anira. Nkhawa ndilibe. Zokauza anthu:
- girizi sazithanso ngati mchere
- a Mbewe, dalaivala wathu, azinyamuka m'mamawa, osati dzuwa litakwera
- malaya athu azikhala oyera

Ndowa ya girizi ndaitsekera m'sitolo ya kalabu. Malo ena ofunabe girizi, monga kutsogolo kwa thirakitala, ndipaka ndekha Loweruka.

Lachiwiri

A Mbewe akhudza bushi, anunkhiza chala, andiyang'ana. "Achimwene, chitsulo chouma ndi maliro." Ndawafotokozera mofatsa. Avomera ndi mutu, koma mutu wa a Mbewe umavomera chilichonse.

Pulawo yalima tsiku lonse cha ku Nsaru, osalira ngakhale pang'ono. Ndinanena!

Chachilendo chimodzi. M'mawa pa shedi ya thirakitala ndapeza anthu ataima, ena ndi njinga, wina ndi wilibala. Ndikuganiza abwera kudzaona zamakono. Ndawaphunzitsa za mabushi mpaka kukhosi kuuma. Achoka osatsazika. Anthu athu chinthu chatsopano chimawachititsa manyazi.

Lachitatu

Mjigo wa pa mudzi ukulira ngati nkhanga. Mkazi wanga wabwerako ndi chigubu pamutu ndi uthenga pakamwa: "Amayi a ku mjigo akufunsa ngati sitolo itsekulidwe kapena azikatunga ku dambo."

Ndafufuza. Zapezeka kuti zaka zonsezi a Mbewe akamapaka pulawo m'mawa, amapakanso:
- njinga za a kabaza
- ngolo
- mjigo
- mawilibala
- chitseko cha tchalitchi

Ine n'kumanamizira pulawo kuti ndi yosusuka! Umboni woposa apa kulibe. Lamulungu ndikaunena, ndipo anthu akandithokoza kuti ndatseka pobowoka.

Lachinayi

Ndafika pa shedi, mabushi anga ali bii, girizi kuchita kudontha. Sitolo ndi yokhoma. A Mbewe achita kukapempha girizi wina ku chigayo. "Ndinawamvera chisoni, achimwene. Anzawo onse anadyapo pa moyo wawo." Wotsala agawira a kabaza, ati kuti asatayike.

Fumbi lamata kale. Ndachotsa mapini, ndapukuta ndi sanza mmodzimmodzi. Thirakitala yanyamuka dzuwa lili pamutu, mwini munda akutidikira manja ali m'chiuno. Malaya oyera aja musawafunse.

Ndalemba ndi choko pa pulawo: OSAPAKA GIRIZI. A Mbewe ati kalembedwe kanga n'kokongola.

Lachisanu

Mayi Nachisale, apampando a kalabu, abwera pa ngolo. Ndayamba kuimva isanawoloke dambo. Ngakhale ng'ombe zikuyenda zitagwetsa makutu.

Atsika, apereka moni wonse, afunsa za ana, kenako anditchula dzina langa la sukulu: "A Fomu Folo, mabushi anuwa akuyenda bwino, eti?" Ndati kwambiri. "Zikomo. Nanga ngolo ikulirayi, imene imanyamula feteleza wa kalabu ulele, ndi ya kalabu ya ku Kasiya?"

Ndawayankha kuti nkhaniyo ndi ina. Ati akumva. Apita, ngolo ikulirabe mpaka kuseri kwa manda.

Madzulo ndaimitsa kabaza kuti andiperekeze ku golosale. Wadutsa, tcheni chikuchita kwii kwii, ati, "Njinga yadwala, bwana." Kumbuyo kopanda munthu.

Komabe pulawo yalima bwino. Anthu amavotera mizere, savotera phokoso.

Loweruka

Ndalawirira kukapaka kutsogolo kwa thirakitala anthu asanadzuke. Loko wangoti khethe, ndatembenuka, mzere! Sindikudziwa anatumiza uthenga ndani.

Patsogolo pali akatekisiti, mahinjesi a chitseko cha tchalitchi ali m'manja. Achita kuwazula. "Mawa kuli ubatizo, mwana wanga. Pang'ono chabe." Ungawakanize bwanji akatekisiti? Ndawapaka. Pambuyo pawo amayi a ku mjigo ndi kachitini. Ungapatse tchalitchi n'kumana madzi? Kenako a kabaza, kenako mlamu wanga ndi wilibala, amene sanandipatsepo moni kuyambira pamene ndinakwatira mlongo wake.

Aliyense pang'ono chabe. Pofika ine, ndowa ili mbee, yopala mpaka pansi. Kutsogolo kwa thirakitala sikunalaweko. Ikamakhota tsopano ikulira kuposa ngolo ya apampando, ndipo yadutsa choncho pa msika, tsiku la msika.

"Ndi mabushi aja!" akutero anthu. Si mabushi ayi! Mabushi ali chete!

Lamulungu

Msonkhano pansi pa mtengo wa kuseri kwa tchalitchi. Ndalankhula bwino, mfundo zonse m'malo mwake. Andiombera m'manja. Mayi Nachisale ati mabushi ndi abwino, akhale, asapakidwe, ndipo kalabu ikunyadira kukhala ndi munthu wophunzira. Kenako afunsa ofuna kuti makiyi apite kwa a Mbewe. Manja m'mwamba. La mkazi wanga lakwera pang'onopang'ono, koma lakwera.

Ine andipatsa udindo wina: kukagula girizi ku tauni, popeza masitolo ndimawadziwa. Ati ndowa yokulirapo.

Pobwerera, njinga yanga yayamba kwii kwii, koyamba chiigulire. Ndatsika, ndaiyang'ana, ndati zodabwitsa. Mkazi wanga osaima n'komwe: "Kodi mumayesa imadzipaka yokha? Ndimapita nayo ndine kwa a Mbewe inu mukusamba."

Ndakankha mpaka kunyumba. Ndowa yatsopano ikafika ndidzalawirira, a kabaza asanadzaze mzere.