Nsomba Yowola Imene Ndinaisowa M'Baibulo

Pali Lamulungu lina limene kwaya ya mpingo wathu ku Nkope inaimba nyimbo imodzi katatu, mpaka mayi woyambitsa nyimbo mawu anamuthera. Amene anawazunza choncho ndi ine. Ndinali nditaima pa guwa, magalasi ali pamphuno, thukuta likutsikira m'kolala, ndikusakasaka nsomba m'Baibulo.

Ndiyambe ndi kuulula kuti kuwerenga ndinakuphunzira imvi zili kale mbuu. Unyamata wanga wonse unathera pa khoka. Sukulu ya kwacha ndinalowa msana utakana kukoka chingwe (ndinali mwamuna ndekha pakati pa amayi, ndipo mpaka lero amandiseka kuti pensulo ndinkaigwira ngati nkhafi). Koma Baibulo ndinayamba kulinyamula kalekale, ndisanadziwe ngakhale chilembo chimodzi. Mavesi ndinkasunga m'mutu monga ndinawamvera kwa mlaliki wina wa kwathu, malemu tsopano, amene ankalalikira buku lili chitsekere, akuliwomba ndi chikhatho. Vesi lake la pamtima linali ili: "Malembo akuti, nsomba ikawola imodzi, itayeni msanga zisanawole zonse."

Vesi limeneli ndinaligwiritsa ntchito kamodzi, pa mwana wanga woyamba. Esinati atabwera kudzandiuza kuti akukwatiwa ndi Che Yusufu, Msilamu wogulitsa nsomba zouma ku Mangochi boma, ndinaima pakhomo, Baibulo lili kukhwapa, n'kumuuza mawu amenewo. Anatenga chikwama chake n'kumapita. Zaka zinadutsa, ana anabadwa kumeneko, ine osawaona. Dzina lake ndinaliletsa pakhomo panga, ngakhale kuti mudzi wonse sunasiye kunditchula kuti bambo a Esinati. Mtima ukayamba kundiluma ndinkautonthoza kuti si ine ndinamupirikitsa, ndi Malembo.

Ndiye kunabwera abusa atsopano, a msinkhu wa mwana wanga, oyankhula mofatsa ngati akupempha mchere. Anabwera ndi lamulo limodzi. Aliyense wokwera pa guwa ayambe watchula buku, mutu ndi ndime, anthu atsegule, awerenge, kenako alalikire zimene zawerengedwazo. "Nkhosa sizikhuta maganizo a mbusa," ankatero. "Ine mawa ndisamutsidwa, bukuli litsala."

Lachiwiri lina anandipeza ndikusoka ukonde pakhonde.

"Bambo, Lamulungu likubwerali mulalikire ndinu. Mwayamba kuwerenga bwino."

"Vesi ndili nalo kale, abusa."

"Zabwino. Mulipeze m'buku, muwerengenso zimene zili pamwamba pake ndi pansi pake. Mukalisowa, bwerani tidzafunire limodzi."

Ndinaseka chamumtima. Ine kusowa vesi limene ndinalidziwa iwo asanabadwe? Ndinali nditaona kale anthu oti ndiwalase nalo: anyamata ena a mumpingo amene Lamulungu amapezeka kudoko m'malo mwa kutchalitchi. Sabata yonse ndinkayeserera mawu ndi mmene ndidzalozere chala. Buku lokha ndi limene sindinatsegule.

Loweruka, akazi anga Abiti Jemusi anandifunsa akupeta mpunga: "A bambo a Esi, vesi lija mwalipeza?"

"Lithawira kuti? Kodi Baibulo labowoka?"

Ndinapita kukasita jekete.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza, chifukwa mbiri inali itamveka kuti mkulu uja wa sukulu ya kwacha akuwerenga yekha pa guwa. Pa benchi yakutsogolo panakhala Mayi Chikoti, mphunzitsi wopuma ntchito, yemwe uja anandiphunzitsa kugwira pensulo. Anali akumwetulira ngati munthu wodikira kukolola.

"Lero tiwerenga za nsomba yowola," ndinayamba. "Tsegulani buku la Miyambo."

Mapepala anachita phokoso tchalitchi chonse.

"Mutu wanji, bambo?" anafunsa Mayi Chikoti.

"Tikufika, amayi."

Ndinaika chala pa tsamba. Tsono kuwerenga kwanga n'kwa munthu woyenda pa miyala yoterera, liwu limodzi limodzi, milomo ikugwedera. Ndinapeza nyerere, ndinapeza munthu waulesi, ndinapeza mkazi wolongolola (ameneyu ndinamudutsa msanga, Abiti Jemusi anali akundiyang'ana). Nsomba panalibe. Ndinakweza mutu n'kunena mwaulemu kuti, "Akwaya, tipatseni nyimbo imodzi, mitima ikonzeke."

Iwo akuimba, ine ndinathamangira kwa Yona. Kumeneko nsomba ndinaipeza ndithu, koma inali yamoyo, yathanzi, ikumeza anthu. Nyimbo inatha. Ndinavula magalasi, kuwapukuta ndi tayi, kuwayang'ana pa kuwala ngati olakwa ndi iwo. "Akwaya, bwerezani. Ena mitima yawo sinakonzeke."

Ulendo wachitatu ndinangowakodola ndi dzanja. Anaimba ngati anthu opalasa bwato molimbana ndi mphepo ya mwera. Anyamata aja ndinawakonzera chala anali kumbuyo, mapewa akugwedezeka ndi phwete.

Pamenepo ndinakumbukira njira ya malemu mlaliki uja. Ndinatseka buku, n'kuliwomba ndi chikhatho mpaka fumbi linatuluka. "Abale, nthawi yatha. Malembo akuti, nsomba ikawola imodzi..."

"Pati?" anatero Mayi Chikoti. Sanakweze mawu. Ndi mmene ankafunsira m'kalasi munthu akadumpha mzere.

Abusa ananyamuka pa mpando wawo, n'kubwera kudzaima pambali panga ngati akukonza nsalu ya pa guwa. Anandinong'oneza kuti, "Bambo, vesi limenelo mulibe. Ndi mwambi wa kunyanja."

"Mulibe monse?"

"Monse. Koma ngati mukufuna nsomba, tsegulani Mateyu mutu 13, chakumapeto. Werengani, munene zimene mwaona. Musawonjezere."

Ndikunena zoona, manyazi a pamaso pa anthu anandichokera nthawi yomweyo. Chimene chinandibwerera m'maganizo ndi chikwama cha Esinati, chobiriwira, lamba wake wina womangidwa ndi chingwe cha ukonde. Ngati vesi lija mulibe m'buku, ndiye kuti pakhomo paja sanayankhule Mulungu. Ndinayankhula ndine.

Mateyu ndinamupeza. Ndinatchula mutu ndi ndime, anthu anatsegula, ndipo ndinawerenga pang'onopang'ono, Mayi Chikoti akugwedeza mutu pa liwu lililonse. Inali nkhani ya khoka. Yesu akufanizira ufumu wa kumwamba ndi khoka loponyedwa m'nyanja, limene limakokolola nsomba za mitundu yonse. Likadzaza amalikokera kumtunda, ndipo kumeneko ndiko amakhala pansi kusankha zabwino ndi zoipa. Kusankhako kudzachitika pa mapeto a nthawi, ndipo osankha adzakhala angelo.

Ndinawerenganso kachiwiri, osati chifukwa cha anthu, koma chifukwa cha ine. Zonse ndinayeserera sabata yonse zinathawa m'mutu. Chinatsala ndi khoka, ndipo khoka ndimalidziwa kuposa abusa.

"Abale," ndinatero, "ndani pano anaonapo msodzi akudumphira m'madzi kukasankha nsomba khoka lisanafike kumtunda?"

Amuna anaseka. Wina kumbuyo anati, "Ameneyo ndi wamisala."

"Ndi wamisaladi. Atsegula khoka, zonse zithawa, naye amira. Khoka likamabwera simudziwa chili m'katimo. Mumamva kulemera basi. Mwina ndi chambo, mwina kampango, mwina chipika. Ntchito yanu ndi kukoka chingwe. Bukuli likuti kusankha n'kwa kumtunda, ndipo osankha ndi angelo. Tandiyang'anani bwino. Pali amene akuona mapiko pa jeketeli?"

Kuseka kunali kwakukulu, koma kunatha msanga, chifukwa ndinapitiriza. Ndinawauza kuti ndinabwera ndi chala chokonzera ana awo, ndi vesi limene m'bukumo mulibe. Ndinawauza kuti wamisala wodumphira m'madzi uja ndine, kuti ndinataya mwana wanga ndi mwambi wa kudoko n'kumunamizira Mulungu kuti ndi mawu ake. Ndinatchula dzina la Esinati pa guwa, dzina limene ndinaliletsa m'nyumba mwanga. Sindinalalikire nthawi yaitali (akwaya anali atadya kale theka la nthawi yanga), koma nditatsika, amayi ena anali akupukuta m'maso ndi nsonga za zitenje, ndipo anyamata aja anali atasiya kugwedeza mapewa.

Abusa ananena mawu ochepa potseka mapemphero. Anati, "Lero mwaona chifukwa chake timatsegula buku. Likatsekedwa, mlaliki amalasa ena. Likatsegulidwa, limayamba ndi mlalikiyo."

Panja Mayi Chikoti anandigwira dzanja. "Mwawerenga bwino. Liwu limodzi lokha munalumpha." Abiti Jemusi sananditamande. Anangoti, "Minibasi ya ku boma imanyamuka m'mamawa. Jeketeyo musaikwinye."

Lolemba tinafika ku Mangochi. Che Yusufu tinawapeza akuyala usipa pa benchi yawo mumsika. Atandizindikira anapukuta manja, n'kuwerama pondipatsa moni. "Apongozi, mwachedwa, koma tiyi akadalipo. Tiyeni kunyumba."

Titafika, Esinati anatuluka m'khitchini, naye imvi zitayamba m'mbali. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinatulutsa Baibulo, kutsegula pamene ndinapinda tsamba, n'kumuwerengera nkhani ya khoka ndi chala changa chomwecho chimene ndinamulozera nacho njira. Nditamaliza ndinati, "Mwana wanga, vesi lija ndinakuuza mulibe. Ndinakulakwira."

"Ndinkadziwa, ababa. Ndinalifuna chaka chomwecho."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Mukanamva? Buku munkalisunga kukhwapa." Kenako anayang'ana tsamba lija. "Ndiye mukuwerenga nokha tsopano?"

"Pang'onopang'ono."

"Lowani, adzukulu anu akumveni."

Tsiku limenelo ndinadya pakhomo pa mwana wanga, ndipo masiku ano Khirisimasi amadzadya kwathu, ifenso Idi timakadya kwawo. Za chikhulupiriro timakambirana, nthawi zina mpaka tiyi kuzizira, koma palibe amene amamera mapiko.

Abusa amandipatsabe guwa mwa apo ndi apo, ndipo vesi ndimalipeza Lachitatu. Munthu akandiuza kuti "Baibulo likuti," ngakhale pa wailesi, ndimafunsa kuti "pati?" Ndinayambanso kuliwerenga lonse kuchokera ku Genesis, tsamba limodzi pa tsiku. Abiti Jemusi amati ndikufunabe nsomba yowola ija kuti ndikawaonetse abusa. Sindikana, diso limodzi limasakabe. Pano ndafika kwa Ezekieli, nsomba zonunkha ndakumana nazo, koma ya vesi lija fungo lake silinamveke.