Babu la ku Songwe ndi mpando wa apongozi

Pakhonde panga pali mpando wa ndalema umene sindinagule. Alendo akandifunsa kuti ndinaupeza kuti, ndimangoti, "Khalani pansi, tiyi akubwera." Lero ndatopa nako kubisa. (Kunena zoona ndatopa ndi zambiri, koma tiyambe ndi mpandowu.)

Ine kwathu ndi ku Dedza, kozizira, kumene munthu ukangofunda bulangete tulo timabwera tokha. Boma linanditumiza kudzaphunzitsa ku Kaporo, ndipo ndi komwe ndinakwatiwa ndi Mnkhonde wina wofatsa, dzina lake Gwamaka. Dzinja loyamba la banja lathu madzi anasefukira mpaka kulowa m'nyumba. Ataphwa, ndikukolopa matope, ndinapeza njoka itadzipinda pansi pa bedi, mbali yanga yeniyeni. Mayo ine! Ndinakuwa mpaka aphunzitsi anzanga anabwera ndi zibonga.

Tsiku limenelo ndinalumbira kuti mumdima sindidzagonamonso. Gwamaka, pofuna mtendere, anapita kumalire ku Songwe n'kukandigulira babu la sola, la aja oyera mbee mopita ku buluu. Tinalipachika pamwamba pa neti. Likayaka, ngakhale nyerere ya pakhoma umaiwerenga miyendo.

Njoka sinabwerenso. Koma ikupita inatenga ndi tulo tanga tomwe.

Mwamuna wanga ankangodziphimba kumaso ndi chitenje changa, mphindi zochepa mkonono wayamba. Ine maso gwa! Thupi lili lefu, miyendo ikuwawa, koma mutu uli ngati ndi masana dzuwa lili paliwombo. Ndinayesa tiyi wa mandimu, ndinayesa kupemphera, ndinayesa kumukwiyira Gwamaka chifukwa chogona bwino. Palibe chinathandiza. Kusukulu ndinayamba kuyasamula pakati pa chiganizo, ana n'kumandimalizira.

A Nyagondwe, anesi oyandikana nafe nyumba, anandiimitsa pamjigo.

"Amadamu, nyumba yanu usiku imawala ngati sitolo ya ku boma. Kuwala koyera chonchija kumanamiza thupi kuti kudakali masana, ndiye tulo tibwera bwanji? Zimitsani, kapena pezani kababu kofiirira kosawala kwambiri."

"Nanga njoka mudzandichotsera ndinu?"

"Njoka inapita kale, mama. Kadziyang'aneni maso anuwo pagalasi."

Ndinasenza ndowa yanga n'kumapita nditatupa. (Munthu wosagona salangizika, dziwani zimenezo.)

Nthawi yokolola mpunga itakwana, tinaitanidwa ku Iponga, kwawo kwa Gwamaka. Unali ulendo wanga woyamba kukakhala kumeneko monga mkamwini wa pakhomo, ndipo ndinkafunitsitsa kuti asadzanene kuti mwana wawo anatola mkazi wopanda mwambo. Njira yonse Gwamaka ankandibwerezera malamulo. Kwa Ankhonde, mkazi wa mwana ndi apongozi ake aamuna sayandikana. Sayang'anana kumaso, sakhala malo amodzi, mukakumana panjira iwe umapatuka. Ndinati ndamva. Ndipotu ndinamvadi.

M'mawa wonse ndinachita bwino zedi. Ndinatunga madzi, ndinasenda nthochi zophikira mbalaga, ndinagwada pogwada. Bambo a Gwamaka ndinangowaonera patali, msana wokha, akupita kumunda. Titadya mbalaga ija, nthochi ndi nyama ya ng'ombe zitakhazikika m'mimba, anthu onse anabwerera kumpunga. Apongozi aakazi anati nditsale nditsuke mbale.

Ndinatsuka. Kenaka ndinaona mpando wa ndalema pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi khomo la nyumba yaikulu. Kamphepo kakuwomba, mthunzi uli bii, kopanda babu. Ndinati ndingotsamira pang'ono msana uwongoke. Sindinadzifunse kuti pakhomo pa mipando yamatabwa yokhayokha, mpando wabwino chonchi ungakhale wa yani.

Abale anga, tulo timene ndinatisowa miyezi yonse ija tinandipeza pamenepo tonse pamodzi.

Podzidzimuka, dzuwa linali litapendeka. Kukamwa kunali yasa, dovu litatsikira m'khosi, mpango uli pansi nkhuku ikuujompha. Chapatali pamkeka panakhala apongozi aakazi ndi alamu anga awiri, onse akundiyang'ana. Gwamaka anaima pambali atagwira m'chiuno, nkhope ngati wamwa mankhwala owawa.

"Mpando wa bambo," anandinong'oneza. "Abwera kalekale. Sakanatha kulowa m'nyumba chifukwa wagona pakhomo penipeni. Ali kuseri kwa khola, adyera komweko."

Ndinasuzumira. Kuseri kwa khola la ng'ombe kunkaoneka chipewa chokha. Munthu wamkulu, mwini mudzi wake, atakhala pamwala padzuwa la ku Karonga, ntchentche zili ng'waa, kudikira kuti mlendo wa ku Dedza amalize mkonono. (Akuti unkamveka mpaka kukholako. Gwamaka sanafunike kundiuza zimenezo, koma anandiuza.)

"Bwanji simunandidzutse?" ndinafunsa misozi ili m'maso.

"Bambo anakaniza okha. Akuti munthu sagona chonchija popanda chifukwa."

Apa ndi pamene zinaipiratu. Apongozi aakazi anadzuka akumwetulira, anandigwira manja onse awiri n'kundiyang'ana pamimba.

"Ndagha, mwana wanga, ndagha!" anathokoza m'Chinkhonde. "Ifenso tinadutsamo. Miyezi ingati?"

Mlamu wanga wina anali atayamba kale kukonza pakhosi kuti aimbe nthungululu. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndikanatha kungokhala chete, koma mimba si chinthu chonamizira, pakapita miyezi anthu amafuna kuona mwana. Ndinagwada n'kufotokoza zonse: madzi, njoka, Songwe, kuwala usiku wonse.

Kumwetulira kuja kunazima pang'onopang'ono.

"Ndiye si mimba?"

"Ayi, amayi."

"Ndi babu?"

"Ndi babu, amayi."

Apongozi aakazi anapita kukhola kukapereka uthenga. Sindinamve zimene anakambirana, ndinangoona chipewa chija chikugwedezeka uku ndi uku. Tinapepesa ndi nkhuku, ndipo anailandira. Koma m'mawa tikutsanzika, tinapeza mpando uja ataumangirira kale pa njinga yamoto imene inabwera kudzatitenga.

"Abambo akuti iwo sangaukhalirenso," anatero apongozi aakazi. "Akuti mutenge, poti ndi pokhapo pamene mumapezera tulo. Akutinso uzani mwana wathu azimitse chinthucho, ife tikufuna mdzukulu."

Njira yonse yobwerera ku Kaporo anthu ankatiyang'ana, ine pakati, mpando kumbuyo.

Babu lija tinalitsitsa. Pano lili kukhitchini, kuchipinda tinaikako kofiirira kamene a Nyagondwe ananena, ndipo nako timazimitsa. Tulo tinabwerera, ngakhale a Nyagondwe sindinawauze kuti ankanena zoona. Koma kukangoti tswa pansi pa bedi, ndimadzuka, kukatenga babu langa la ku Songwe n'kuliyatsa mpaka kucha, mawa lake n'kumayasamulanso m'kalasi.

Ku Iponga ndimapitabe, ndipo ndimakhala pamkeka, maso ali tong'o. Bambo a Gwamaka mpaka lero amakhalira kampando kamatabwa. Ndikawaonera patali akudzuka atagwira msana, ndimadziwa kuti wawapweteka ndine.